Mafunso ndi mayankho: kukonza mphotho za pantchito kuti ntchito iyende ndipo anthu azigwira ndi mtima wonse

Eni mabizinesi, mamanijala ndi akapitawo ambiri amayamba kuganiza za bonasi akaona kuti ntchito yayamba kuyenda mwaulesi, anthu akufika mochedwa, kapena amene amadziwa bwino ntchito akuchoka mmodzimmodzi. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndawayankha ndi maganizo akuti mphotho ya pantchito ndi lonjezo, choncho mphamvu yake imachokera pa zinthu ziwiri: chimene mwalonjeza kuti mudzalipira, ndi kukhulupirika kwanu pokwaniritsa lonjezolo.

Kodi ndondomeko yolimbikitsira ogwira ntchito n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi malipiro a pamwezi?

Malipiro a pamwezi ndi ngongole imene wolemba ntchito ali nayo kwa munthu amene wamugwirira ntchito, ndipo sayenera kuwerengedwa ngati mphatso kapena chifundo. Chilimbikitso ndi chinthu choonjezera chimene munthu amalandira chifukwa chakuti wachita chinachake chimene munagwirizana pasadakhale, monga kugulitsa katundu wopitirira mlingo, kusamala zipangizo, kapena kumaliza ntchito m'nthawi yake popanda zobwereza. Chikhoza kukhala bonasi, komishoni, gawo la phindu la pachaka, tsiku lopuma, mwayi wa maphunziro, kukwezedwa paudindo, ngakhalenso kuyamikiridwa pamaso pa anzake. Chimasanduka ndondomeko pamene malamulo ake alembedwa, aliyense akuwadziwa, ndipo sasintha malinga ndi mmene abwana adzukira tsikulo.

Malipiro pakampani pathu amachedwa nthawi zina. Kodi bonasi ingathandize kuti anthu asiye kudandaula?

Ayi, ndipo pamfundo iyi sindikayika ngakhale pang'ono. Munthu amene mwezi watha asanalandire, mwininyumba akugogoda pakhomo ndipo mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, samva nkhani ya bonasi ya mu Disembala ngati uthenga wabwino, koma amaimva ngati njira yomutsekera pakamwa. Katswiri wina wa ku America, Frederick Herzberg, atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a mumzinda wa Pittsburgh, anafalitsa m'chaka cha 1959 mfundo yakuti zinthu zimene zimakhumudwitsa anthu pantchito n'zosiyana ndi zimene zimawapatsa changu. Malipiro osakwanira, malo oipa ogwirirapo ntchito ndi utsogoleri wankhanza zimabala madandaulo, pamene changu chimabwera chifukwa cha kudaliridwa, kuyamikiridwa ndi kuona kuti ukupita patsogolo. Ofufuza ena anatsutsa mbali zina za mfundoyi, koma phata lake aliyense amene anayang'anirapo anthu amalizindikira.

Choncho musanalembe ngakhale mzere umodzi wa bonasi, onetsetsani kuti zimene lamulo limalamula zikuchitika. Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ovataimu ya masiku wamba ilipidwe pamlingo wa ola limodzi ndi theka, ndipo munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata apume masiku 18 pachaka, pamene wogwira masiku asanu apume masiku 15. Pankhani ya penshoni, wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ndipo wogwira ntchito amasonkha 5 peresenti. Bwana amene amadula ndalama ya penshoni koma osaipereka kumene iyenera kupita, kenaka n'kugula mbuzi ya phwando la Khirisimasi, asayembekezere kuti mbuziyo ikonza mitima.

Mbiri ya Henry Ford imaphunzitsa zomwezi. M'chaka cha 1913 anthu ankathawa ntchito pafakitale yake ya galimoto moti kampani inalemba anthu oposa 50,000 kuti isunge malo pafupifupi 14,000. Mu Januwale 1914 iye analengeza malipiro a madola asanu patsiku, omwe anali oposa kuwirikiza kawiri malipiro akale, ndipo kuthawa ntchito kunatsika kwambiri. Komabe gawo lina la ndalamazo linkaperekedwa pokhapokha oyendera a kampani akafika kunyumba kwa munthu n'kuona mmene akukhalira, ndipo mbali imeneyi ndi yosayenera kutengera, chifukwa wolemba ntchito amagula ntchito ya munthu, osati moyo wake wa kunyumba.

Kodi kulipira munthu malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagwira kumawonjezeradi ntchito?

Kumawonjezera, pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yowerengeka mosavuta ndipo zotsatira zake zili m'manja mwa wogwirayo. Aliyense amene analembapo waganyu amadziwa kusiyana kwa kulipira patsiku ndi kudula ndime: wa ndime amalawirira m'munda mame asanaume, chifukwa akudziwa kuti akamaliza mizere yake ndalama ndi yake. M'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, othyola tiyi amayezetsa masamba awo pasikelo, ndipo makilogalamu opitirira mlingo wa patsiku amabweretsa ndalama yoonjezera.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pankhaniyi ndi wa Edward Lazear, amene anaunika kampani ya Safelite ya ku America yoika magalasi a galimoto. M'zaka za 1994 ndi 1995 kampaniyi inasiya kulipira pa ola n'kuyamba kulipira pa galasi lililonse loikidwa, ndipo ntchito ya munthu mmodzi inakwera ndi pafupifupi 44 peresenti. Pafupifupi theka la kukweraku linachokera kwa anthu omwe analipo kale amene anawonjezera changu, pamene theka linalo linabwera chifukwa chakuti anthu achangu ndi amene anayamba kufuna ntchito pakampanipo ndi kukhalitsa. Chimene ambiri amaiwala akamatchula nkhaniyi n'chakuti kampaniyo inasungabe malipiro apansi otsimikizika, kotero kuti munthu sankapita kunyumba chimanjamanja sabata imene makasitomala achepa, ndiponso galasi loikidwa molakwika linkadziwika amene analiika.

Nanga ndondomeko zotere zimalakwika pati?

Zimalakwika pamene chinthu chimene mukulipira sichikufanana ndi chinthu chimene mukufuna. Chitsanzo chimene tonse timachiona tsiku ndi tsiku ndi cha minibasi. Mwini galimoto amauza dalaivala ndi kondakitala kuti madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti, imene iwo amaitcha tageti, ndipo yotsalayo ikhala yawo. Mwiniyo amafuna phindu ndi galimoto yokhalitsa, koma chimene walipira ndi kuchuluka kwa maulendo ndi okwera. Zotsatira zake n'zimene timaziona pamsewu wa Limbe kupita ku Blantyre kapena pa depoti ya ku Lilongwe: anthu anayi pampando wa anthu atatu, kupikisana pothamangira wokwera mmodzi amene waima m'mbali mwa msewu, matayala akutha osasinthidwa, ndiponso phokoso la m'injini limene dalaivala salinena chifukwa tsiku la kugalaja ndi tsiku la njala kunyumba kwake. Dalaivalayo si munthu woipa mtima, koma akuchita ndendende chimene dongosolo la malipiro likumuuza.

Zomwezi zinachitika pabanki yaikulu ya Wells Fargo ku America. Ogwira ntchito ankapatsidwa tageti yokwera kwambiri ya maakaunti atsopano, ndipo amene walephera ankaopa kuchotsedwa. Ambiri anayamba kutsegula maakaunti m'maina a makasitomala eni ake osadziwa. Mu Seputembala 2016 bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo zinadziwika kuti anthu pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa ntchito chifukwa cha mchitidwewu. Anthu zikwi zisanu sangakhale akuba onse mwangozi. Pamene anthu ochuluka chotero alakwa mofanana, cholakwika chimakhala chili m'ndondomeko.

Ngakhale m'munda wa tiyi vutoli lilipo. Tiyi wabwino amachokera ku nsonga yanthete ndi masamba awiri apamwamba, koma sikelo sidziwa kusiyanitsa tsamba lanthete ndi lokhwima, ndipo lokhwima ndi limene limalemera. N'chifukwa chake pamalo oyezera pamafunika munthu woona mtundu wa masamba, osati wowerenga makilogalamu yekha. Musanakhazikitse mphotho iliyonse, khalani pansi ndi kudzifunsa moona mtima kuti: munthu wanzeru amene ali ndi ana kunyumba, akafuna kupeza mphothoyi mwanjira yachidule, angachite chiyani? Yankho limene mupeze ndi limene lidzachitike.

Ndiye tiziyeza chiyani kwenikweni?

Yezani zinthu zochepa, ziwiri kapena zitatu, zimene wogwira ntchito angathe kuziwerengera yekha pamtima, ndipo chimodzi mwa izo chikhale choteteza ubwino wa ntchito. Ngati mukulipira kuchuluka kwa njerwa zoumbidwa, werengani njerwa zimene zatuluka bwino mu uvuni, osati zimene zayalidwa padzuwa. Ngati mukulipira telala pa yunifomu iliyonse, musawerengere imene yabwezedwa kuti ikonzedwenso. Ngati mukupereka komishoni kwa wogulitsa, iperekeni pa ndalama imene yalowa, osati pa katundu amene watuluka.

Mfundo yomalizayi ndinaiona ndi maso pa shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Mwini shopu analonjeza anyamata ake komishoni pa thumba lililonse la simenti ndi lata lililonse logulitsidwa, ndipo mwezi woyamba katundu anayenda kuposa kale lonse. Mwezi wachitatu anatsegula kope la ngongole, lija lachikuto chakuda limene limakhala m'dirowa pansi pa kauntala, n'kupeza masamba odzaza ndi maina a anthu otenga katundu kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, ena mwa iwo osadziwika ngakhale kumene amakhala. Anyamatawo anali atalandira kale komishoni yawo. Atasintha lamulo kuti komishoni izibwera ngongole ikabwezedwa, anyamata omwewo ndi amene anayamba kukana kukongoza anthu osadalirika, ndipo Loweruka ankakwera njinga kukatolera okha.

Pewaninso kuyeza chinthu chimene munthu alibe nacho mphamvu. Wogwira pachigayo sangalangidwe chifukwa magetsi anazima masiku atatu, ndipo woyendetsa lole sangataye bonasi chifukwa anagona pamzere wa dizilo. Mphotho imene imadalira mwayi imasanduka juga, ndipo anthu amaleka kuilimbikira.

Kodi ndi bwino kupereka mphotho kwa munthu payekha kapena kwa gulu lonse?

Yang'anani mmene ntchitoyo imagwiridwira. Pamene munthu amayamba ndi kumaliza ntchito yekha, mphotho ya payekha ndi yachilungamo, chifukwa wachangu sayenera kusenza waulesi. Koma ntchito zambiri n'zolumikizana, ndipo paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mulesitilanti, woperekera chakudya sangasangalatse kasitomala ngati wophika wachedwetsa nsima, ndipo wophikayo sangafulumire ngati wotsuka mbale watsalira. Mukapereka mphotho kwa woperekera yekha chifukwa ndiye amaonekera, mwagawa khitchini pawiri.

M'zipatala za maboma a Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu, kuyambira chaka cha 2013, munayesedwa ndondomeko yolipira malinga ndi zotsatira pa chisamaliro cha amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene, mothandizidwa ndi maiko a Germany ndi Norway. Chipatala ndi chimene chinkayezedwa, ndipo ndalama zina zinkapita kukonza zosowa za pachipatalapo pamene zina zinkagawidwa kwa ogwira ntchito. Maganizo a kakonzedwe kotere ndi omveka, pakuti mayi amachira bwino chifukwa cha namwino, wosamalira odwala, wa kulabu ndi woyendetsa ambulansi onse pamodzi. Vuto la mphotho ya gulu limabwera pogawana, ndipo langizo langa ndi lakuti kagawidwe kagwirizanidwe ndalama isanafike, chifukwa ikafika aliyense amakumbukira thukuta lake lokha. Gulu likhalenso laling'ono moti anthu amaonana pogwira ntchito. Bonasi yogawana anthu mazana atatu palibe amene amaiona ngati yodalira iye.

Timasankha wogwira ntchito wopambana mwezi uliwonse, koma zikuoneka kuti zikubweretsa nsanje. Talakwitsa chiyani?

Mphotho ya wopambana mmodzi imapanga munthu mmodzi wokondwa ndi anthu makumi awiri olephera, ndipo ambiri mwa olepherawo amadziwa kuyambira tsiku loyamba la mwezi kuti sangapambane. Ngati kusankhako kumachitikira mu ofesi ya abwana popanda mfundo zodziwika, anthu amadzipezera okha chifukwa: akuti ndi wa kwawo kwa abwana, amapemphera mpingo umodzi, kapena ndi amene amakanena anzake. Zikafika pamenepo, wopambanayo amayamba kudya yekha nkhomaliro, ndipo ena anzeru amasankha kubisa luso lawo kuti asadedwe.

Pali umboni wosonyeza kuti anthu amadziletsa dala pamene kupambana kwawo kukupweteka anzawo. Oriana Bandiera, Iwan Barankay ndi Imran Rasul anaunika othyola zipatso pafamu ina ku United Kingdom, kumene poyamba malipiro a munthu ankadalira mmene wagwirira poyerekeza ndi anzake, moti wachangu ankatsitsa malipiro a ena. Famuyo itasintha n'kuyamba kulipira aliyense pa kilogalamu, ntchito inakwera ndi 50 peresenti kapena kuposa, ndipo zinaoneka kuti kale anthu ankachepetsa changu makamaka akamagwira pafupi ndi anzawo apamtima. Kwathu kuno, kumene mnzako wa pantchito ndi amene adzakunyamulire maliro, mtima wotere ndi wamphamvu kwambiri.

Njira yabwino ndi kuika mlingo umene aliyense wofikapo amalandira, kaya afikapo awiri kaya khumi, ndiponso kuyamikira amene wasintha kwambiri poyerekeza ndi mmene ankachitira iye mwini.

Kodi kuyamikira kopanda ndalama kuli ndi mphamvu, kapena ndi njira chabe yopulumutsira ndalama za kampani?

Kuli ndi mphamvu pamene munthu akukhulupirira kuti ntchito yake ili ndi phindu kwa anthu ena. Mumzinda wa Lusaka, Nava Ashraf, Oriana Bandiera ndi Kelsey Jack anachita kafukufuku ndi ometa ndi okonza tsitsi amene anapemphedwa kugulitsa makondomu a amayi kwa makasitomala awo. Ena analonjezedwa ndalama pa paketi iliyonse, ena sanalonjezedwe kanthu, ndipo ena anapatsidwa tchati chopachika pakhoma chimene ankamatapo nyenyezi pa paketi iliyonse yogulitsidwa. Patatha chaka, a nyenyezi anali atagulitsa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi magulu enawo. Zotsatirazi zinafalitsidwa m'chaka cha 2014.

Koma nkhaniyi isamveke molakwika. Anthuwo anali ndi bizinesi zawo zowadyetsa, ndipo nyenyezi sizinalowe m'malo mwa chakudya. Satifiketi yoperekedwa kwa munthu amene sanakwezedwe malipiro zaka zinayi imamupweteka m'malo momulimbikitsa. Kuyamikira kogwira mtima kumatchula chinthu chenicheni: kunena pamaso pa onse kuti, "Mayi Phiri, lipoti lija munaligwira usiku ndi limene lapangitsa kuti tilipidwe sabata ino, zikomo kwambiri," kumaposa mawu akuti nonse mukugwira bwino.

Tipereke ndalama kapena katundu, monga chimanga ndi feteleza?

Afunseni eni ake, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalama ili ndi ubwino wakuti munthu amasankha yekha chochita nayo, ndipo masiku ano kuitumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kosavuta. Komabe mphamvu ya ndalama imasungunuka mitengo ikamakwera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bonasi imene inalonjezedwa mu Januwale ngati chiwerengero chokhazikika inafika mu Disembala itafooka kwambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kulonjeza bonasi ngati gawo la malipiro kapena la phindu, kapena kulonjeza chinthu chenicheni monga thumba la feteleza la makilogalamu 50.

Nthawi yoperekera ndi yofunika ngati kukula kwa mphothoyo. Feteleza wofika mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanagwe, amasanduka chakudya cha chaka chonse kumudzi. Thumba la chimanga loperekedwa mu Febuluwale, nkhokwe zitapita pansi ndipo mtengo pamsika utakwera, limakumbukika kuposa phwando. Ndalama yofika sabata yotsegulira sukulu imapulumutsa munthu kwa akatapila, ndipo wogwira ntchito amene sakuthamangitsidwa ndi katapila amaika maganizo pantchito. Malo ena amathandiza antchito awo kulowa mu SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la mamembala okhaokha, kapena amapereka adivansi yopanda chiwongoladzanja yokhala ndi malire omveka bwino.

Palinso nkhani ya maliro ndi matenda, imene sindiiwerengera ngati mphotho ya ntchito koma ngati maziko a ubale. Bwana amene amapereka galimoto, bokosi kapena chipepeso pamene wantchito waferedwa, ndipo iye mwini n'kufika pasiwa, amakhala wamanga chinthu chimene komishoni singamange. Chithandizo chotere chilembedwe ndipo chikhale chofanana kwa onse, kuti mlonda asaone kuti maliro a kwawo ndi opepuka poyerekeza ndi a kwa akawuntanti.

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Tingapereke zingati osagwa?

Lolani kuti mphotho izidzilipira yokha kuchokera pa phindu loonjezera. Tiyerekeze kuti buledi amene bekale yanu imagulitsa amabweretsa phindu la K2,000,000 pamwezi, ndipo mwagwirizana ndi antchito kuti pa ndalama iliyonse yopitirira pamenepo, gawo limodzi mwa magawo asanu likhala lawo. Mwezi umene phindu lafika K2,500,000, iwo agawana K100,000 ndipo K400,000 yatsala m'bizinesi. Mwezi umene phindu silinapitirire, simunataye kanthu. Kuti izi zitheke muyenera kulolera kuwaonetsa ziwerengero, chifukwa palibe amene angakhulupirire gawo la phindu limene saliona. Kampani ya Lincoln Electric ya mumzinda wa Cleveland yakhala ikugawa bonasi ya pachaka yochokera pa phindu kuyambira 1934, ndipo chimene chapangitsa kuti antchito ake aikhulupirire ndi kusadumphadumpha kwa lonjezolo pa zaka zonsezi.

Mphothoyo ikhale yooneka m'thumba. Ndalama yosakwana kugula ngakhale botolo la mafuta ophikira ndi bwino kuisonkhanitsa n'kuipereka pakatha miyezi itatu. Ndipo lonjezani zochepa zimene mungakwanitse ngakhale mwezi wovuta, chifukwa bonasi yolonjezedwa koma osaperekedwa imawononga kuposa bonasi imene sinatchulidwepo.

Nanga mlonda, wosesa ndi wa maakaunti, amene ntchito yawo siwerengeka ngati ya wogulitsa?

Musawasiye kunja, chifukwa ntchito yawo imaonekera pamene palibe chimene chalakwika. Apatseni gawo m'bonasi ya gulu, ndipo onjezerani mfundo imodzi yogwirizana ndi ntchito yawo, monga kutseka mabuku pofika tsiku lachisanu la mwezi kapena miyezi itatu yopanda katundu wosowa. Samalani ndi mphotho ya kusajomba, pakuti ikhoza kukakamiza wodwala kubwera kuntchito ndi kulanga mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala. Masiku a matenda ovomerezeka ndi tchuthi cha uchembere asawerengedwe ngati kujomba. Chimodzimodzinso mphotho ya masiku opanda ngozi imatha kuphunzitsa anthu kubisa mabala, choncho ndi bwino kuyamikira amene wanena za chiopsezo ngozi isanachitike.

Kodi maphunziro ndi maalawansi a misonkhano angagwire ntchito ngati chilimbikitso?

Maphunziro enieni ndi chimodzi mwa zilimbikitso zokhalitsa, makamaka kwa achinyamata amene amafuna kuona kuti patsogolo pali njira. Olemba ntchito amalipira kale msonkho wa TEVET wa 1 peresenti ya malipiro onse, choncho n'kwanzeru kufunsa ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja limene msonkhowu umapitako, za mwayi wosulira antchito awo. Koma alawansi ndi nkhani ina. Pamene ndalama ya ulendo ikuposa malipiro a sabata, anthu amayamba kulimbirana misonkhano ya ku Mangochi kapena ku Salima, opita amakhala omwewomwewo, ndipo amene watsala akugwira ntchito yeniyeni ndi amene amaluza. Alawansi ibweze zimene munthu wawononga paulendo, ndipo mphotho ipite kwa amene wagwira ntchito.

Ngati timapereka mphotho kwa ochita bwino, kodi tingadule malipiro a ochita moipa?

Kusapereka bonasi kwa amene sanafike pamlingo n'kololedwa, koma kudula malipiro amene munthu wagwirira kale ntchito ndi nkhani ya malamulo. Lamulo la za ntchito limaika malire pa zimene wolemba ntchito angadule, limafuna kuti munthu amvedwe mbali yake asanalangidwe, ndiponso limaletsa tsankho ndi kulipira mosiyana anthu ogwira ntchito yofanana. Madandaulo otere amakafika ku ofesi ya zantchito ya m'boma ngakhalenso ku khothi la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Kupatula za malamulo, mantha amabala kubisa: kashiya amene amadulidwa pa cholakwa chilichonse amaphunzira kubisa cholakwacho, ndipo inu mumadzachidziwa chitakula. Pamene pali bungwe la ogwira ntchito, kambiranani nalo ndondomekoyo isanayambe.

Kodi bonasi imadulidwa msonkho?

Inde, bonasi ndi komishoni ndi mbali ya zimene munthu wapeza pantchito, ndipo zimalowa m'kawerengedwe ka msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro, umene umapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Auzeni antchito zimenezi poyambirira, ndipo polengeza nenani momveka ngati chiwerengerocho ndi cha msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa, kuti munthu asadzaone pa pepala la malipiro ndalama yochepa n'kuganiza kuti mwamubera.

Antchito afika pa tageti mosavuta. Kodi tiikweze?

Apa ndi pamene olemba ntchito ambiri amathyolera ndondomeko yawo ndi manja awo. Anthu akalimbikira n'kupitirira mlingo, kenaka mwezi wotsatira n'kupeza kuti mlingowo wakwezedwa kufika pomwe anafikapo, amaphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti khama limalangidwa. Kuyambira pamenepo amagwirizana mwakachetechete kuti asamapitirire, ndipo watsopano wachangu amakokedwera pambali n'kuuzidwa kuti achepetse moto. Nenani poyambirira kuti mlingo udzaunikidwa liti, mwachitsanzo kamodzi pachaka, ndiponso pa zifukwa ziti, monga kugulidwa kwa makina atsopano kapena kusintha kwa mitengo. Pakati pa nthawiyo, ngati apeza zambiri kuposa mmene munkaganizira, alipireni mokondwa, chifukwa nanunso mwapeza zambiri. Ganiziraninso nyengo: tageti ya shopu ya kumudzi mu Juni, anthu atagulitsa fodya, soya ndi mtedza, singafanane ndi ya mu Febuluwale.

Tingadziwe bwanji kuti ndondomeko yathu ikugwira ntchito?

Lembani mmene zinthu zilili musanayambe: katundu wopangidwa kapena wogulitsidwa, wobwezedwa, madandaulo a makasitomala, masiku ojomba, ndi chiwerengero cha anthu amene asiya ntchito m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi. Yesani ndondomekoyo m'gawo limodzi kwa miyezi itatu, mutawauza anthu kuti ndi kuyesa, ndipo poyerekeza zotsatira muyerekeze ndi miyezi yomweyo ya chaka chatha kuti nyengo isakunamizeni. Ngati malonda akwera koma katundu wobwezedwa ndi ngongole zakweranso, ndiye kuti mukulipira chinthu cholakwika.

Za mtima wa anthu sizipezeka m'mabuku a maakaunti. Pamsonkhano antchito ambiri amangoti zonse zili bwino, bwana, chifukwa ulemu ndi mantha zimawatseka pakamwa, choncho funsani kudzera m'mapepala osalemba maina kapena mwa munthu amene iwo amamukhulupirira. Funsani mafunso atatu okha: ngati akudziwa mmene bonasi yawo imawerengedwera, ngati akuona kuti angathe kuipeza, ndiponso ngati akuona kuti imagawidwa mwachilungamo. Kenaka itanani wantchito mmodzi wa pansi, mumupatse pepala ndi cholembera, ndipo mumupemphe kuti awerengere yekha bonasi yake ya mwezi watha. Akalephera, bwererani mukafupikitse malamulowo mpaka akwane pa tsamba limodzi lolembedwa m'Chichewa, ndipo tsambalo mulipachike pamene anthu amasainira m'mawa.